Kudutsa Phiri la Mulanje Chigono ndi Chigono

Munthu wobadwira kwa Malengachanzi, m'boma la Nkhotakota, amakula akudziŵa kuti nyanja saseŵera nayo. Asanaphunzire n'kuŵerenga komwe amakhala atadziŵa kale maina a mphepo: mwera, mpoto ndi vuma. Amadziŵanso kuti mkulu wa padooko akayang'ana kumwamba ndi kunena kuti lero mabwato asaloŵe m'madzi, mawu amenewo sabwezedwa. Nkhani ya lero ikumtenga munthu wotereyu, wozoloŵera mchenga ndi minda ya mpunga, ndi kukamuimika m'tsinde mwa Phiri la Mulanje. Kumeneko kuli ulendo wa masiku asanu wodutsa pamwamba pa phiri, munthu akugona m'nyumba za matabwa zimene zidamangidwa m'njiramo. Kodi nzeru za kunyanja zingamthandize pa ulendo wotere? Nanga chachilendo chimene ayenera kuphunzira kuti abwerere kwao ali moyo n'chiyani?

Poyamba ayenera kudziŵa kukula kwa chinthu chimene akukachikwera. Mulanje ndi chimwala chachikulu chotalika makilomita oposa 20 m'litali ndi m'lifupi momwe, chimene chidangodzuka pakati pa chigwa cha minda ya tiyi ndi ya chimanga. Pamwamba pake pali malo otakasuka a udzu, okwera pafupifupi mamita 2,000, ndipo pa malo ameneŵa mpamene pamayambiranso nsonga zina zambiri. Yaitali koposa ndi Sapitwa, ya mamita 3,002, ndipo m'Malaŵi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepa. Madzi a Nyanja ya Malaŵi ali pa mamita pafupifupi 474. Motero wochoka padooko la ku Nkhotakota kukaima pa Sapitwa amakhala atakwera mamita oposa 2,500. Tsono popeza kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, pansongapo pamazizira ndi madigiri ngati 15 kuposa kunyanja tsiku lomwelo. Usiku wa mu Juni kapena Julayi, pamene wa kunyanja amangofunda nsalu ndi bulangete limodzi, mame a pamwamba pa Mulanje amatha kuuma gwa ndi chisanu.

Ulendo wopita kuphiriko umatsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja kudzera ku Salima ndi ku Balaka mpaka ku Blantyre, kenaka ku Mulanje. Pofika pa Chitakale munthu amapatuka kuloŵa msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pamene pali ofesi ya Dipatimenti ya Zankhalango. Phirili lidaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa ndi boma m'chaka cha 1927, choncho mlendo aliyense amayamba walembetsa dzina, kulipira, ndi kunena nyumba zimene akagonemo. Pomwepo mpamene amapeza womlondolera njira ndi omnyamulira katundu. Ambiri mwa iwo ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, amene adayamba kulikwera akali anyamata. Mphamvu zao zimaoneka pa mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika paphiripo, pamene amathamanga kuchoka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, m'maola ochepa chabe. Mlendo wamba amautha mtunda womwewo m'masiku aŵiri.

Chimene chimatheketsa ulendo wodutsa phirili ndi nyumba zogonamo. Zilipo pafupifupi khumi, ndipo zambiri zimatchulidwa maina a malo kapena mitsinje imene zayandikana nayo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Ku Lichenya kulinso nyumba ya mpingo wa CCAP yotchedwa Hope's Rest. Zambiri mwa nyumbazi zidayamba ngati zigono za ogwira ntchito za nkhalango, ndipo pozisamala boma lakhala likuthandizana ndi bungwe la Mountain Club of Malawi limene lidayamba m'chaka cha 1952. M'kati mwake mulibe zambiri. Muli malo osonkhapo moto, tebulo, mipando ndi pansi pogona. Pa nyumba iliyonse pamakhala mlonda amene amatema nkhuni, kutunga madzi ndi kusonkha moto alendo akafika. Chakudya ndi zofunda mlendo amanyamula yekha: ufa kapena mpunga, nyemba, usipa wouma, mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, tochi, chovala cha mvula ndi juzi yochindikala.

Nzeru ya nyumbazi ili pa kutalikirana kwake. Kuchoka pa ina kukafika pa inzake nthaŵi zambiri ndi ulendo wa maola aŵiri, atatu kapena anayi. Wolaŵira m'mamaŵa amafika pa chigono chotsatira dzuŵa likali pamutu, mitambo ya masana isanatseke njira. Msodzi amachidziŵa bwino chimenechi, pakuti naye popalasa bwato m'mbali mwa gombe amasunga m'mutu madooko onse amene angakocheze mphepo ikasintha. Nyumba za pa Mulanje ndiwo madooko a paphiri. Akulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo phirili nalo limatha motero, chigono ndi chigono.

Tsiku loyamba ndilo loŵaŵa koposa m'miyendo. Kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu kapena anayi. Njira zilipo ziŵiri. Ya Chapaluka imatsata mtsinje ndipo imadutsa kufupi ndi mathithi a Dziŵe la Nkhalamba, dziŵe lozizira limene anthu a kumeneko amalilemekeza kuyambira kale. Ya Skyline ndi yachidule koma yotsetsereka kwambiri, ndipo mthunzi wake ndi wochepa. Wozoloŵera kuyenda pamchenga amadabwa kuona mtima ukugunda ngati ng'oma pasanathe ola limodzi. Apa womlondolera amamuuza kuti, “Bambo, musapikisane ndi phiri. Fupikitsani mapazi, mwani madzi, tifika.” Ndipo amafikadi. Chitunda chikatha, dziko limatseguka mwadzidzidzi, ndipo kutsogolo kumaoneka dambo lalikulu la udzu lozingidwa ndi mapiri. Pambali pake paima nsonga ya Chambe, yoposa mamita 2,500, imene thanthwe lake la kumadzulo ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700 ndipo limakoka akatswiri okwera miyala ndi zingwe ochokera m'maiko akutali.

Pafupi ndi nyumba ya Chambe pali kanyumba kena kotchedwa France's Cottage, ndipo dzina limeneli lili ndi mbiri imene mlendo aliyense ayenera kuimva asanagone. Fred France adali mnyamata wogwira ntchito za nkhalango amene ankakhala ku Chambe ndi banja lake. M'chaka cha 1949 adaperekeza Laurens van der Post, amene adatumidwa kuchokera ku Britain kudzayendera phirili. Ali m'njira kudagwa chiperoni, mitsinje idadzaza, ndipo poyesa kuwoloka mtsinje wina m'dera la Ruo, France adakokoloka ndi madzi nagwera kumathithi. Van der Post adalemba za imfayi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. France sadali mlendo paphiripo. Ankalidziŵa bwino, koma madzi a tsiku limenelo sadasamale zimenezo.

Chiperoni chimenechi n'chiyani? Ndi mvula yamaŵaŵa yozizira, yodza ndi chifunga, imene imatha kukhala masiku angapo osaleka, makamaka kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Dzina lake lidachokera ku Phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imachokera. Mphepo ya chinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya India ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka mitambo ndi mvula. Apa wa kwa Malengachanzi ali ndi mwayi, pakuti mphepo imeneyi ndi mbale wake wa mwera. Zonse ziŵiri zimachokera kumwera chakuvuma ndipo zimaomba nyengo imodzi. Masiku amene mwera umatsekereza mabwato padooko ku Nkhotakota ndi masiku omwenso chifunga chimakonda kuphimba Mulanje. Kunyanja zikatero munthu amakokera bwato kumtunda n'kumasoka ukonde. Paphiri amakhala m'nyumba, kuwotha moto ndi kudikira. N'chifukwa chake wanzeru amanyamula chakudya cha tsiku limodzi loonjezera.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene wa kunyanja ayenera kukuphunzira. Panyanja mafunde amaoneka ndi maso ndipo amachenjeza. Paphiri ngozi imadza mwakachetechete. Chifunga chikatsika, munthu saona ngakhale mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo, ndipo miyala yonse imafanana. Zovala zikanyoŵa mphepo n'kumaomba, thupi limataya kutentha msanga kuposa m'mene lingakubwezere. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula kumavuta, nzeru zimasokonezeka, ndipo amangofuna kukhala pansi kuti agone. Tulo timeneto n'toopsa, pakuti ambiri sadzukanso. Mankhwala ake ndi kumvula zonyoŵa, kumfunditsa zouma, kumpatsa tiyi wotentha wa shuga ndi kumfikitsa pamoto. Moŵa suthandiza, chifukwa umatsegula mitsempha ya pakhungu ndipo thupi limazizira koposa.

Tsiku lachiŵiri ndi lochoka ku Chambe kupita ku Chisepo, ulendo wa maola atatu kapena kupitirirapo. Njira imadutsa pa msana wopapatiza wa phiri, phompho uku ndi uku, pamene munthu amayenda maso ali pa mapazi. Ikatero imaloŵa m'makwaŵa a nkhalango ndi kutulukanso pa udzu. M'makwaŵa amenewa ndimo munali kwao kwa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira, wosadyedwa ndi chiswe, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Akatswiri a zomera adautcha Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, ndipo m'chaka cha 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. Masiku ano woyenda m'njirayi amaona zitsa zambiri kuposa mitengo. Kucheka matabwa mozembera lamulo ndi moto wolusa zidautha, kotero kuti kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iŵiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa mbande ndi kuzibzala paphiripo. Mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo amene akubzala lero sadzaona matabwa ake. Msodzi amene waona chambo chikuchepa m'makoka chaka ndi chaka safunika kumfotokozera zambiri pa nkhani imeneyi.

Nyumba ya Chisepo ndi yatsopano poyerekeza ndi zinzake, ndipo idamangidwa m'tsinde mwa Sapitwa kuti okwera nsongayo azilaŵirira pafupi. Usiku wa pamenepa umakhala wautali. Onyamula katundu amaphika nsima, alendo amaumika masokosi pamoto, ndipo nkhani zimayamba. Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja okhala mozungulira phirili amanena kuti pamwambapo mpokhala mizimu ya makolo. Amasimba kuti munthu wanjala amatha kupeza chakudya chophikaphika panjira, ndipo ayenera kudya osaitana mnzake ndiponso osatengako. Dzina loti Sapitwa nalo likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Kaya mlendo akhulupirira kaya sakhulupirira, mwambo umenewu umaphunzitsa kuyenda modzichepetsa, osachita phokoso ndi osapatukana ndi anzako. Chifukwa cha chikhalidwe chimenechi, mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika Phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Adakhala malo achitatu a m'Malaŵi kuloŵa m'kaundulayo, kutsatira paki ya Nyanja ya Malaŵi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006.

Tsiku lachitatu ndilo la Sapitwa. Anthu amanyamuka kusanache, katundu wolemera atamsiya kunyumba. Pano njira yeniyeni palibe. Pali matanthwe otsetsereka amene munthu amakwera chokwaŵa, miyala ikuluikulu ngati nyumba yoti aloŵe pansi pake, ndi timitengo topiringizika tomera m'ming'alu. Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, ndipo kutsika sikufulumira kwenikweni, chifukwa maondo amakhala atatopa ndipo thanthwe likanyoŵa limaterera ngati sopo. Kukakhala kowala, wa pansongapo amaona minda ya tiyi, Nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique. Koma lamulo la tsikuli ndi limodzi. Womlondolera akanena kuti, “Bambo, mitambo iyo siili bwino, tibwerere,” ulendo wathera pomwepo, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

Lamulo limeneli lidalembedwa ndi imfa za anthu. M'chaka cha 2003 mayi wina wachitsikana wa ku Netherlands adapita yekha ku Sapitwa ndipo sadabwerere. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira za chuma amene adali atayenda maiko ambiri, adasiya womlondolera m'munsi nakwera yekha. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka mu Ogasiti patatha masiku ambiri anthu akufunafuna. Adafa ndi kuzizira. Mbiri yake idajambulidwa m'kanema wa m'chaka cha 2017 wotchedwa Gabriel e a Montanha. Anthuŵa sadali ofooka kapena opanda nzeru. Chimene chidasoŵa ndi munthu wodziŵa malowo pambali pao. Safunsa adadya phula, ndipo paphiri wofunsidwayo ndi mwana wa m'mudzi wa m'tsinde amene mwina sukulu sadapite nayo patali, koma mwala ulionse amaudziŵa.

Tsiku lachinayi ulendo umaloza kuvuma, kudutsa nyumba ya Thuchila ndi ya Chinzama mpaka ku Sombani. Ili ndi tsiku lalitali, ndipo ofuna kuyenda mosapanikizika amaligaŵa paŵiri ndi kugona ku Thuchila kapena ku Chinzama. Dziko la kuno ndi la udzu, zitunda ndi timitsinje tambirimbiri ta madzi oyera. Apa mlendo amaona ndi maso ake kuti phirili ndi nkhokwe ya madzi. Likhubula, Thuchila ndi Lichenya amathira mu Ruo, ndipo Ruo amakakumana ndi Shire ku Chiromo. Motero madzi a pa Mulanje amasakanikirana ndi madzi omwe aja adadutsa pa gombe la Nkhotakota. Mtsinje wa Phalombe umapita ku Nyanja ya Chilwa. Timitsinje timeneti timawolokeka podumpha miyala kukakhala kouma, koma mvula ikagwa kumtunda timadzaza m'kanthaŵi kochepa. Ubwino wake ngwakuti timaphweranso msanga. Wodikira maola angapo pagombe amawoloka bwinobwino pamene wothamanga akadakokoloka.

Madzi omweŵa ndiwo amasanduka napolo. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'Phiri la Michesi ndi kuwononga Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera, anthu oposa 1,000 adamwalira m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma okhudzidwa koposa. Zipsera za zigumukire zidatsala m'mbali mwa phiri, ndipo njira zina zidasintha. Ichi ndi chifukwa china chosadalira mapu akale kapena nkhani za munthu amene adakwerako zaka zapitazo. Miyezi yabwino ya ulendowu ndi ya chilimwe, kuyambira mvula ikatha mpaka mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, pamene mu Sepitembala ndi Okutobala kumatentha ndipo moto wa m'tchire umachuluka.

Tsiku lachisanu ndi lotsika kuchoka ku Sombani, pansi pa nsonga ya Namasile, kupita ku Fort Lister, mpata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ndi ulendo wa maola aŵiri kapena atatu. Pampatapo pali mabwinja a linga limene Angerezi adamanga m'chaka cha 1893 kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere. Wa ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankawolotsera akapolo m'zombo kupita kutsidya la kuvuma, amazindikira kuti mbiri ya kwao ndi ya kuno ndi imodzi. Kuchoka pamenepo msewu umatsikira ku Phalombe, kumene galimoto zimapezeka. Asanasiyane, mlendo amalipira womlondolera ndi onyamula katundu monga adapanganirana poyamba, osachotserapo, pakuti ndalama imeneyo ndiyo imagula feteleza ndi kulipira sukulu m'midzi ya m'tsindemo. Munthu amene amapeza chakudya ponyamula katundu wa alendo alibe chifukwa chokacheka mkungudza usiku.

Wofuna ulendowu angayambe kukonzekera ali kwao. Kumadzulo kwa Malengachanzi dziko limakwera kuloŵa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, mmene muli Phiri la Chipata, koma mmenemo munthu amayenda pokhapokha ali ndi asilikali a nyama chifukwa cha njovu ndi njati. Phiri la Ntchisi nalo silili kutali, ndipo ndi malo abwino oyeserapo miyendo ndi nsapato. Nsapato zatsopano sizikwerera phiri, chifukwa zimatupitsa matuza tsiku loyamba lomwelo. Ndi bwinonso kuyenda anthu atatu kapena anayi, kuti wina akavulala mmodzi atsale naye pamene ena akukaitana thandizo, ndiponso kuuza abale tsiku loyembekezeka kutsika.

Tsono yankho la funso lija ndi lakuti nzeru za kunyanja zimagwira ntchito paphiri. Kulaŵira, kuyang'ana kumwamba, kudziŵa pokocheza ndi kumvera wodziŵa malo, zonsezi mwana wa kwa Malengachanzi adaziphunzira kale padooko. Zoonjezera ndi ziŵiri: kuopa chisanu monga amaopera mafunde, ndi kuvomera kuti pa Mulanje mkulu wa padooko ndi mnyamata uja wamsenzera katundu. Amene wasunga zimenezi amatsika ku Fort Lister miyendo ikuŵaŵa, zovala zikununkha utsi wa m'zigono, ndipo amakafika kwao kukasimba za dziko la pamwamba pa mitambo. Amene wabwezedwa ndi chifunga asanafike pa Sapitwa asadandaule. Phirilo lidzakhalapo chaka chamaŵa, ndipo iyenso adzakhalapo kuti akayesenso.